Matewera a alamu anga aRosebell

Ku Likangala kuno akuti alamu anga aRosebell anakhwima. Umboni wake ndi matewera. Mayi woti mwana wake womaliza ali ndi ndevu, koma sabata ndi sabata amayanika matewera pachingwe, ena oyera, ena otuwa, ena akuda bii ngati opukutira mphika. Amayi a pamjigo mlandu anagamula kale: akuti amakokera ana a eni ake akadali m'mimba.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5, aphunzitsi ndi ine titagwirizana kuti tatopetsana. Koma nkhani iyi ndikuidziwa, chifukwa mwini chifuwa chimene chinayambitsa zonsezi ndi achimwene anga aYakobo, amuna awo a aRosebell.

AYakobo anacheka matabwa kuphiri zaka zambiri mpaka mphumu inawatsitsa. Kwathu kuno June akafika, chiperoni chitaphimba phiri, mankhwala a kuzizira ndi amodzi: mbaula m'nyumba, chitseko chotseka, nsanza pazenera. Tonse tinakula choncho. M'mawa wina aYakobo anakomoka ali pampando, kapu ya tiyi ili m'manja. Kuchipatala namwino anafunsa alamu kuti, "Mayi, bambowa amapuma chiyani kunyumba?" Alamu anati mpweya. Namwino anati, "Wotani?"

Funsolo linawatsata mpaka kunyumba. Pamsika aliyense amati chake nchopanda utsi: wa mbaula zadothi, wa makala a utuchi, wa makoyilo a udzudzu, ngakhale wa koloboyi amene. Alamu anati wogulitsa satukwana katundu wake. Anapirikitsa nkhuku m'kakhitchini kakale kuseri, nkusesa, nkutsegula sutikesi mmene anasungamo matewera a ana awo.

Kachitidwe kawo nkaka. Amayatsa chinthu chimodzi chokha m'kakhitchinimo, tewera lochapa bwino nkulikoloweka pamsomali, womwewomwewo nthawi zonse. Amatseka chitseko iwo ali kunja, kuyambira nkhani za pawailesi za 12 koloko mpaka za 1 koloko. Kenako tewera pachingwe, dzina la katunduyo litalembedwa pakona ndi bolopeni. Chimene chadetsa tewera sichiyandikiranso aYakobo.

Zaulere salandira. Bambo wina wa bungwe anabwera ndi mbaula yamphatso, alamu anamubweza nayo, nkupita kukagula yofanana nayo pamsika. Amati yamphatso amachita kusankha, yapamsika ndi imene anthu amapuma.

Zinthu zinavuta pamene mchimwene wa alamu wa bere limodzi, aBlaise, anayamba kuumba makala a utuchi. Alamu anatuma aneba kukagula, kuopa kusankhiridwa abwino. Tewera linatuluka lakuda ngati phula, dzina la aBlaise lili pakona, chingwe chili m'mbali mwa njira ya kutchalitchi.

ABlaise anafika thukuta lili kamukamu. "Achemwali, magazi amodzi ife. Lichotseni, anthu akuwerenga."

"Achimwene," anatero alamu, "chifuwa cha alamu anu sichidziwa kuti ndinu m'bale wanga."

Sanapatsane moni miyezi itatu. Kenako aBlaise anayamba kuumitsa makala awo masiku ambiri, ndipo tewera lachiwiri linangotuwa pang'ono. Alamu analiyanika pafupi ndi loyamba lija. Loyambalo sanalichotse. Ine ndikanakhala aBlaise ndikanaliba, koma iwo ndi munthu wa kwaya.

Tsiku lina ndinawaseka kuti, "Alamu, mwasanduka pulofesa wa matewera, ku koleji akuyitanani liti?" Sanaseke. Anati tewera limaona mwaye wokha. Namwino uja anawauza kuti makala ali ndi mpweya winanso, wopanda mtundu, wopanda fungo, umene umagoneka munthu osadzukanso. Nchifukwa chake ngakhale mbaula yopambana mayeso imathera pakhonde, zenera limakhala lotsegula, aYakobo nkumafunda mabulangete awiri uku akunyinyirika kuti anakwatira polisi.

Pobwerera ndinkayenda ndikuganiza. Ife thobwa timalawa tisanagule. Mphika timaugogoda, nsalu timaikoka, mbuzi timaiyang'ana mano. Koma chimene timalowetsa m'mapapo kuyambira m'mawa, ife ndi ana athu, timangomvera pakamwa pa wogulitsa. Kwanga komwe koyilo ndimayatsa mazenera ali otseka, ndipo mayi a kunyumba amatsokomola, ine nkumati ndi fumbi.

Dzulo ndinawapeza alamu akuyanika tewera latsopano, aYakobo ali pakhonde akudya nzimbe, kupuma bwinobwino ngati munthu wosalakwa. Ndinati, "Alamu, mwamva? Pamjigo akuti munakhwima."

Sanatembenuke nkomwe.

"Kawauzeni ndinakhwimadi. June uno ndi wachinayi amuna anga osagona m'chipatala. Amene akutsokomola abwere ndi mbaula yake, tewera ndimubwereka."