Madzi Ozizira M'khutu Mwanga

Ululu unayamba m'chaka changa chachitatu ku Joni. Nthawi imeneyo ndinkasoka makatani ku Fordsburg, m'chipinda cha pamwamba pa shopu ya nsalu, momwe tinkakhalamo amayi asanu ndi makina athu, mazenera ali otseka chifukwa cha fumbi la mumsewu. Poyamba anali mapewa okha, ndipo ndinkati n'chifukwa chowerama tsiku lonse. Kenaka unatsikira kumsana, m'chiuno, m'mawondo. Lero uli m'zigongono, mawa wasamukira kuseri kwa khosi. M'mawa ndinkadzuka ngati andimenya ndi mipini, koma pathupi popanda chotupa kapena bala. Ngakhale lamba wa chikwama paphewa ankandiwotcha.

Ine ndi amuna anga tinkakhala ku Joubert Park, m'chipinda chimodzi cha fulati ya pansanjika yachisanu ndi chiwiri, khitchini ndi bafa tikugawana ndi mabanja ena awiri. Iwo ankagwira ntchito yaulonda ku Randburg, pageti la nyumba za mumpanda. Lifiti ya m'nyumba mwathu inafa ife tisanalowemo, ndipo palibe amene ankayembekezera kuti idzadzukanso. Ndikaweruka kuntchito ndinkakwera masitepe nditagwira khoma, kupumira pansanjika iliyonse, anthu onyamula mitolo ya kabichi n'kumandipitirira.

Ndinayenda m'zipatala. Anatenga magazi kangapo, anajambula mafupa, anayeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, zonse zinkatuluka bwino. Mawu akuti mulibe vuto ndinayamba kuwaopa kuposa matenda enieniwo. Namwino wina anandifunsa m'Chizulu, maso ali pafayilo, ngati ndinkangofuna kalata yopumira kuntchito. Ndinatuluka ndi mapanado m'kathumba, ndikuchita manyazi ngati andigwira ndikuba.

Amayi a kutchalitchi kwathu, Amalawi anzanga, ankabwera kudzandipempherera. Ankandisanjika manja pamapewa pomwe pankapweteka pomwepo, ine n'kumangoluma mano mpaka amen. Mayi anga, tikamalankhulana pafoni, ankati kumudzi ku Ntcheu kuli wina amene sakondwa kuti ndili ku Joni. Amuna anga okha sankanena chilichonse. Akafika kuchokera ku Randburg n'kupeza mbale zosatsuka ine nditagona, ankavula nsapato zawo zazikuluzo, n'kupita kukatsuka mbalezo okha, pang'onopang'ono. Sananditchulepo waulesi ngakhale tsiku limodzi, koma ndinkadziwa kuti funso la namwino uja linali mumtima mwawonso.

Patapita zaka ziwiri ananditumiza kwa adokotala ena, mayi wa imvi wolankhula motsitsa, amene ankaona odwala minofu ndi mfundo za mafupa. Iwo anandisiya kuti ndifotokoze mpaka ndimalize, chinthu chimene sichinachitikepo kwina konse. Anandidina ndi chala kuseri kwa mutu, pamapewa, pazigongono, pamwamba pa mawondo, ndipo paliponse ndinkadzidzimuka. Kenaka anati matenda anga ali ndi dzina, nalilemba papepala chifukwa lilime langa linkakana kulitchula: faibulomayajiya. Anati mafupa ndi minofu zilibe chilema. Vuto lili m'mene mitsempha ndi ubongo zimamvera ululu, ngati wailesi imene yakwezedwa mpaka kumapeto kotsitsira kwake n'kuthyoka. Anandiuza mosabisa kuti mankhwala ochiziratu kulibe. Ndinalira pampando pomwepo, ndipo iwo ankaganiza kuti ndikulirira zimenezo. Ine ndinkalira chifukwa panapezeka munthu wovomereza kuti sindinkanama.

Mapiritsi amene anandipatsa ankachepetsa ululu, koma ankandisiya ndi chifunga m'mutu. Ndinkatha kuyang'ana tepi yoyezera osadziwa nambala imene ndikufuna. Tsiku lina ndinasoka makatani a nyumba yonse, nsalu kunja kuli mkati, ndipo anzanga anandithandiza kusolola ulusi mwini shopu asanakwere. Sabata yotsatira singano ya makina inandilowa m'chikhadabo. Ndinabwerera kwa adokotala aja chala chili m'bandeji, n'kuwauza kuti ndikapitiriza mapiritsi ntchito itha, ndipo ndikasiya ntchito ithanso.

Pamenepo anandiuza za njira ina yosafuna mapiritsi. Anati mkati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kamene kamatithandiza kuima chilili osagwa, ndipo kachiwaloko kamalankhulana ndi mbali za ubongo zimene zimamvanso ululu. Munthu akamuthira madzi ozizira m'khutu mwa njira yake, kachiwaloko kamadzidzimuka, mutu umazungulira, ndipo kwa anthu ena ululu umatsika kwa kanthawi.

"Sindikukulonjezani kuti muchira," anatero. "Ena amapezako mpumulo, ena samva kusintha kulikonse. Ndipo n'zosasangalatsa. Mukavomera, mubwere ndi munthu wodzakuperekezani pobwerera."

Madzulo ake ndinawauza amuna anga. Anafunsa kuti khutu likugwirizana bwanji ndi mawondo, ine ndinalephera kuwafotokozera bwino. Komabe anasinthana tsiku ndi mlonda mnzawo, ndipo tinapita limodzi.

Adokotala anayamba aunika m'makutu onse awiri ndi kachitochi kawo, kuti aone ngati mkati muli bwino. Anandigoneka chagada, mutu atautukula pang'ono, thaulo paphewa, kambale kachitsulo pansi pa khutu lakumanja. Madziwo anawalowetsa ndi jekeseni yopanda singano, pang'onopang'ono. Kuzizira kwake kunandilasa mpaka m'mano. Ndinamva phokoso ngati la mvula padenga la malata, kenaka denga la chipindacho linayamba kuyenda. Nyali, zenera, nkhope ya amuna anga, zonse zinkathamangira mbali imodzi. Ndinagwira m'mphepete mwa bedi ndi manja onse poopa kugwa, ngakhale ndinali chigonere. Ndinasanza m'kambale komweko.

Chizungulire chinatha pang'onopang'ono. Adokotala anandiuza kuti ndingogona kaye, ndipo ndili chigonere ndinazindikira kuti m'thupi mwanga muli zii. Ndinakweza mkono, ndinautsitsa. Ndinatembenuza khosi uku ndi uku. Ululu unalipo, koma unali patali, ngati wa munthu wina wa chipinda choyandikana. Ndinaopa kunena, poganiza kuti ndikangotsegula pakamwa ubwerera.

Tinatsika tekisi pafupi ndi paki, dzuwa likadali pamutu. Kwa amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu ndinagula kathumba ka anyezi ndi mapapaya awiri, ndipo amuna anga atafuna kundilandira ndinakana. Ndinakwera nsanjika zonse zisanu ndi ziwiri nditanyamula, n'kupuma kamodzi kokha. Titalowa m'chipinda ndinayamba kupukuta zenera, lomwe linali lisanaone nsanza kwa miyezi yambiri, ndikung'ung'udza nyimbo ya kukwaya. Nditacheuka ndinapeza amuna anga atakhala pabedi, chipewa chili m'manja, akundiyang'ana.

"Ndiye kuti nthawi yonseyi mumamvadi kuwawa," anatero motsitsa.

Ndinatembenukiranso kuzenera. Ndinapitiriza kupukuta. Ndinkadziwa kuti akupepesa, koma mawuwo anandipwetekanso, chifukwa anatsimikiza chimene ndinkangochiganizira. Zaka zonsezo tinkagona pabedi limodzi, ndipo anafunika kundiona ndili bwino kuti akhulupirire kuti ndinkadwala.

Mpumulowo unakhala masiku anayi. Tsiku lachisanu ndinadzuka mapewa akuyaka monga kale, ndipo ndinagona chafufumimba n'kulira kuposa mmene ndinkalirira ndisanalawe masiku anayiwo. Adokotala anali atandichenjeza, koma chenjezo silithandiza munthu amene wakumbutsidwa mmene thupi lake linalili. Ndinapitanso kukathiridwa madzi, patapita milungu ingapo ndinapitanso. Nthawi zina ndinkapeza masiku atatu, nthawi zina sabata yathunthu, ndipo ulendo wina sindinapeze kanthu koma kusanza kokha. Ndinaphunzira kusunga ntchito zolemera kuti ndizichite m'masiku abwinowo: kuchapa mabulangete, kudula nsalu zokhuthala, kupita kutchalitchi n'kuimirira nyimbo zonse. Chaka chimenecho ndinakhala ngati munthu amene amabwerekedwa thupi kwa masiku ochepa, kenaka mwini wake n'kudzalitenga.

Tsiku lina nditafika kuchipatalako ndinapeza m'chipinda muja muli adokotala ena, bambo wachinyamata. Anati mayi aja anapuma pantchito ndipo anasamukira kwa ana awo kunja kwa dziko. Nditafunsa za madzi, anawerenga fayilo yanga, napukusa mutu. Anati njirayo sanaiphunzire ngati chithandizo cha ululu, ndipo sangachite pa munthu chinthu chimene sakuchidziwa bwino. Sanali wamwano. Anandilembera mapiritsi ena, nandilangiza kuti ndiziyenda pang'ono tsiku lililonse ndi kusamba madzi ofunda. Ndinafunsa m'malo ena awiri, ndipo konse anandiyang'ana modabwa.

Maganizo oti tichite tokha anali anga. Ndinali nditaona kambirimbiri mmene zinkachitikira, ndipo ndinkati palibe chovuta: jekeseni, madzi, thaulo. Adokotala a imvi aja anandiuzapo kuti ndisadzayerekeze kuchita zimenezi kunyumba, koma miyezi itatu ya ululu wosalekeza inafufuta mawu awo. Amuna anga anakana kwa milungu iwiri. Ndinawakumbutsa zimene ananena tsiku lija la zenera, ndipo ndikudziwa kuti ndinawakakamiza ndi chisoni chawo chomwe. Anavomera.

Linali Lamulungu masana, titabwera kutchalitchi. Ndinatenga madzi m'firiji ya kukhitchini, ndinagona pabedi, pilo pansi pa mutu. Amuna anga anadzaza jekeseni, naiika m'khutu langa lakumanja. Kaya anakankha mwamphamvu, kaya nsonga ya jekeseni inalowa kwambiri, sindikudziwa mpaka lero. Ndinamva ngati msomali walowa m'mutu. Ndinadzuka mwadzidzidzi chipinda chikuzungulira, ndipo ndinagwa n'kumenyetsa chipumi patebulo la makina. Mayi wa chipinda choyandikana anathamangira atamva kugwako, napeza ine ndili pansi, magazi pankhope, amuna anga ataima ndi jekeseni m'manja. Ndinaona mmene anawayang'anira, ndipo ndinayenera kufotokoza ndili pansi pomwepo kuti sanandimenye.

Patapita masiku atatu khutulo linayamba kutuluka mafinya. Kukiliniki anati mkati ndavulala, anandikalipira monga ndinayenera, nandipatsa mankhwala. Linapola, koma mpaka lero khutu lakumanja limamva ngati ndatsekamo thonje, ndipo munthu akamandilankhula mbali imeneyo ndimatembenuza mutu. Ululu wa m'thupi sunatsike ngakhale pang'ono. Amuna anga anataya jekeseni ija m'bini ya pansi pa masitepe, ndipo sitinalankhulepo za tsiku limenelo. Amati akandiona ndikutembenuza mutu kuti ndimve, amayang'ana pansi.

Ntchito ya ku Fordsburg inatha pang'onopang'ono. Mwini shopu, bambo wachikulire amene anandisunga zaka zisanu ndi chimodzi, anayamba wandichotsa pa makatani olemera n'kundiika popinda m'mphepete. Kenaka ndinkapita theka la tsiku. Mwezi umene ndinajomba milungu iwiri yotsatizana, ndinapeza pamakina anga pakhala mtsikana wa ku Mulanje wongofika kumene. Bamboyo anandiitanira pansi, nandiuza kuti maoda sangadikire, ndipo anandipatsa makina akale amene ankangokhala pakona kuti ndizisokera kunyumba. Sindinawakwiyire. Ndikanakhala iwo ndikanachita chimodzimodzi.

Tsopano ndimasoka pazenera la chipinda chathu, thupi likalola. Ndimapinda mathalauza, kusintha mazipi, kuchepetsa mayunifolomu a alonda anzawo a amuna anga. Masiku ena ndimagwira maola atatu, masiku ena sindikhudza makina n'komwe. Mapiritsi ndimamwa theka, monga tinagwirizana ndi adokotala atsopanowo, kuti mutu usachite chifunga kwambiri. Nthawi zina ndimamva kuti kwina akuyesa tizipangizo tovala m'makutu totenthetsa ndi kuziziritsa, topanda madzi. Mwina tizipangizoto tidzafika kuno, mwina tidzafika kwa anthu ngati ine. Ndinasiya kufunsa.

Disembala wapitayu mwana wathu wamkazi, amene wakulira kwa agogo ake, anabwera kudzationa koyamba atamaliza mayeso a fomu folo. Tinakamuchingamira ku Park Station. Basi inachedwa, ndipo ndinaima nthawi yaitali pakati pa zikwama ndi anthu okankhana, msana ukuyaka. Atatsika anandiona msanga, anathamanga, nandikumbatira ndi mphamvu zonse za mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Thupi langa linadzikoka lokha ndisanaganize n'komwe. Iye anamva. Anandisiya, nabwerera m'mbuyo pang'ono, manja ali m'malere.

"Amayi, simunandisowe?"

Bambo ake ndi amene anayankha. Anamuuza kuti amayi ako amadwala, thupi lawo limapweteka likakhudzidwa, uziwagwira pang'onopang'ono. Anafotokoza bwino, mwina kuposa mmene ndikanafotokozera ine. Mwanayo anagwedeza mutu, koma mwezi wonse umene anakhala nafe ankandizungulira ngati mbale yosweka, ndipo sanandikumbatirenso. Tsiku lobwerera anangondigwira nsonga za zala, nakwera basi.