Buku lachiwiri la alamu anga

Alamu anga a Macpherson Manda si munthu woipa, ndipo n'chimene chimandiwawa kwambiri. Akanakhala chidakwa kapena womenya mkazi, bwenzi nditawatukwana kamodzi mtima n'kukhala pansi. Koma ayi. Munthu wa kwaya, mowa saudziwa, kalaliki wosunga mafayilo pa ofesi ina ya boma m'tauni muno kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo akuti sanatayepo pepala la munthu ngakhale limodzi. Kwawo ndi cha ku Chintheche. Anabadwa mwamuna yekhayekha pakati pa atsikana asanu, ndiye mudzi wonse unawaphunzitsa sukulu ndi chinangwa, ukuyembekeza kuti dzina la Manda lidzapitirira mwa iwo.

Ine ndine Lettie, ndimasoka zovala ku Chiputula. Kwathu ndi ku Dowa. Ndinabwera ku Mzuzu potsatira malemu amuna anga amene anali apolisi, iwo atatisiya ine ndinangokhalira konkuno. Mng'ono wanga Eness anabwera kudzandithandiza kusita, n'kukumana ndi a Macpherson kutchalitchi. Ukwati wawo diresi ndinasoka ndine. Anakakhala ku Chibavi, m'kanyumba ka lendi kakufupi ndi dambo, komwe nthawi ya mvula nsapato amaziika pamwamba pa tebulo.

Zaka zinayamba kupita, mphatso osaoneka. Poyamba tinkati Mulungu ali ndi nthawi yake. Kenako alamu anayamba kusintha. Munthu amene ankapalasa njinga kuchoka ku Chibavi mpaka kuofesi osatsika pachitunda, anayamba kuikankha, kenako kuisiya kunyumba. Ankati akangoweruka n'kugona pampando, tayi ili m'khosi. Mimba inatuluka, mabere n'kutupa, ndevu zija zinkangomera patalipatali. Ine ndi pakamwa pangapa ndinkawaseka, paja ndi alamu: "A Manda, mwaima ndinu kodi m'malo mwa mng'ono wanga?" Ankaseka nawo. Lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Tsiku lina Eness akusita anangoti, "Achemwali, m'nyumba mwathu tikugona ngati pachibale. Chaka chatha tsopano." Simbi ija anaisiya pansalu ya kasitomala mpaka inapsa.

Anayesa gondolosi, anayesa zosakaniza mu tiyi zimene amagulitsa anyamata kudepoti, palibe chinachitika. Chaka chachisanu ndi chiwiri Eness anawakoka kupita nawo kuchipatala chachikulu. Atafika pakhomo pa dokotala, alamu anati, "Iwe tsala pabenchi pano, izi n'zachimuna." Eness, mwana wolera bwino wa ku Dowa, anatsaladi. Zimene zinakambidwa mkatimo tinadzazimva patapita zaka, kuchokera pakamwa pa eni akewo.

Anawatenga magazi kawiri, m'mamawa, n'kuyezanso umuna. Dokotala anawauza mosabisa kuti mahomoni achimuna, amene iwo amati tesitositeroni, ndi ochepa kwambiri m'thupi mwawo, n'chifukwa chake kutopa, mabere ndi kuzizira kwa kuchipinda kuja. Mbewu zinalipo, zochepa, koma zinalipo. Ndiye anawachenjeza, n'kulembanso m'buku lawo la kuchipatala, kudula mzere pansi ndi bolopeni yofiira: asadzalandire jakisoni wa tesitositeroni ngati akufunabe mwana. Anati thupi likamalandira za kunja limasiyiratu kupanga zake, ndipo mbewu zija zimathera pomwepo. Mankhwala ena analipo, odzutsa thupi pang'onopang'ono, koma ankafunika dokotala wamkulu amene amabwera mwa apo ndi apo kuchokera ku Lilongwe. Anawapatsa tsiku, patsogolo miyezi inayi.

Atatuluka anauza Eness kuti, "Akuti n'kutopa chabe, ndizidya zipatso."

Mwina akanadikira miyezi inayi ija. Ndimafuna kukhulupirira choncho. Koma sabata yachitatu kunatulukira a Elizabeth, mlongo wa malemu bambo awo, amene kuno amati ankhazi, kwathu timati azakhali. Anafika ndi thumba la ufa wa kondowole n'kukhala masabata awiri, kugona pabalaza, khutu lili kukhoma. Tsiku lonyamuka anayankhulira panja, pampopi, pomwe azimayi a nyumba zinayi anali pamzere wa madzi.

"Macpherson, ine ndakalamba, sindizungulira. Kodi iwe ndiwe unagwa mu mpapaya, panji mkamwana uyu ndiye wouma? Pofika Khirisimasi ndimve chimodzi. Yewo."

Ku Chibavi nkhani siyenda pansi, imauluka. Pofika Lolemba inali itafika kuofesi, ndipo dalaivala wina, Shadrick, anawakokera pambali n'kuwauza za kakiliniki kena kolipira cha ku Mzilawaingwe, komwe amabaya jakisoni wodzutsa ndi maliro omwe.

Tsono apa pali khalidwe lathu lija, ndipo ndisanamizire alamu okha, tonse timatero. Buku la kuchipatala likakhala ndi mawu osatisangalatsa, timagula lina. Mayi akaphonya sikelo ya mwana, poopa kukalipiridwa ndi anesi, amagula latsopano n'kunena kuti lakale linanyowa ndi mvula. Amagulitsa pageti pa chipatala pomwepo, pambali pa nthochi. A Macpherson anagula lawo, n'kulemba dzina ndi dzanja lawo lokongola lija. Lakale, la mzere wofiira, anakalilowetsa pakati pa mafayilo a anthu omwe anapuma ntchito kalekale.

Wa kukiliniki uja sindimunena, ntchito yake anaigwira. Anayeza magazi, anapezadi kuti ndi otsika, n'kufunsa funso loyenera: "Muli ndi ana angati, bambo?"

Chitseko chinali chotsegula pang'ono, pabenchi panja pali anthu, nesi ali chiimire ndi thonje m'manja.

"Atatu," anatero alamu anga.

"Mukufunanso ena?"

"Ayi, akwana."

Munthu wa satifiketi ya Fomu 4, Chingelezi cha dokotala woyamba uja anachimva chonse! Akuti maganizo awo anali oti abayitse miyezi itatu yokha, ankhazi atseke pakamwa, Khirisimasi ikadutsa asiye n'kubwerera kwa dokotala wamkulu.

Abale, jakisoniyo anagwira ntchito, ndisaname. Pasanathe mwezi njinga inatuluka. Anapenta nyumba ya eni ake popanda wowatuma, thumba la makala ankalitsitsa okha panjinga, kukwaya besi yawo inkamveka mpaka kumsewu. Eness anabwera kushopu akumwetulira yekhayekha, nditamuyang'ana anabisa nkhope m'chitenje. Ndinalulutira ine, makasitomala mpaka kudabwa. Ndinamusokera diresi yotakasuka pamimba, ndikuti isadzamuthine.

Khirisimasi itadutsa anayesadi kusiya. Masabata asanu okha, anagwa kuposa kale: thukuta, kukwiya, misozi yosadziwika chifukwa, kuchipinda zii. Anayang'ana nkhope ya Eness, anakumbukira pampopi paja, n'kubwerera ku Mzilawaingwe. Tsiku la dokotala wamkulu linafika n'kudutsa iwo ali kuofesi akudinda makalata.

Zinatero zaka ziwiri ndi miyezi isanu. Mimba osaoneka.

Ankhazi anabweranso, n'kuona mwana wa mchimwene wawo ali dzadza, mapewa atatambasuka, akuwaza nkhuni. Basi mlandu unatha. "Tsopano taona kumene kuli vuto," anatero. Kuyambira pamenepo Eness anaona zakuda. Anamumwetsa mizu yowawa mpaka kusanza magazi. Anapita naye kwa mneneri wina kuphiri, masiku atatu osadya, akumuwaza madzi ndi kumukuwira kuti chiwanda cha kwa amayi ake chituluke, amayi athu amene anabereka ana asanu ndi atatu. Anamutema mphini m'chiuno monse, zina zinatukusira. Kumaliro ena kumudzi kwawoko Eness ananyamula khanda la msuweni wawo kuti mayi ake adye, mayi wina n'kudzamulanda, akuti manja ouma amafooketsa mwana.

Nanga alamu anga anali kuti? Anali pomwepo. Ndiwo ankamuperekeza. Kuphiri kuja anamunyamulira chikwama, pobwera anamugulira Fanta, kunyumba ankamutsuka mabala a mphini ndi madzi amchere, mofatsa, akumuuza kuti pepa. Chilichonse anachita kupatula kutsegula pakamwa. Ine zimenezi ndi zimene sindigona nazo.

Eness atakwanitsa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi, ine zinandikwana. Ndinamutenga ndekha kupita naye kuchipatala chachikulu, mbali ya azimayi. Anamuyeza zonse. Dokotala wake, mayi wamagalasi wosaseka, anati sakuona chotchinga, kungoti zaka zikupita, ndipo sapitiriza kanthu mwamuna asanabwere. Anabwera, atavala jekete. Ulendo uno pabenchi sipanatsale munthu, ndinalowa nawo ngati gadiyani, wina anditulutse aone.

"Buku lanu, bambo."

Kalaliki akamuitanitsa fayilo amapereka. Anapisa m'thumba n'kupereka lomwe ankayenda nalo. Dokotala anatsegula tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu, madeti okhaokha a jakisoni. Anabwerera koyambirira.

"Pano palembedwa kuti muli ndi ana atatu ndipo simukufuna ena."

Eness anatembenuka pang'onopang'ono. "Atatu? Ali kuti?"

"Kulibe," anatero iwo, maso ali pansi.

"A Manda, ndiuzeni, ndipirira. Mayi wake ndi ndani?"

"Kulibe mwana aliyense, Eness. Ndinangonena."

Dokotala anavula magalasi n'kufotokoza zimene jakisoniyo amachita ku mbewu za mwamuna. Kenako anafunsa ngati panalibe amene anawachenjezapo.

"Anandiuza," anatero alamu. "Analemba m'buku lina."

Atayeza umuna sanapezemo kanthu, ngakhale imodzi. Anati asiye jakisoni, mwina pakatha chaka kapena ziwiri zibwerera, koma kwa ena sizibwerera, makamaka amene zinali zochepa kale. Ponena zimenezi dokotala anayang'ana Eness, osati iwo, ndipo tonse tinamva chimene sanatchule.

Tsiku lomwelo Eness anabwera kwanga ndi kachikwama kamodzi. Sanalire. Alamu atabwera kudzapepesa anawayankhira pakhomo: "Za mwana ndazisiya m'manja mwa Mulungu. Ndikufuna chinthu chimodzi. Mukanene pamaso pa ankhazi ndi abale anu onse kuti si ine. Mukatero ndibwerera."

Jakisoni anasiyadi, pamenepo ndiwayamikire. Thupi linabwerera m'mbuyo tikuona, jekete n'kuyamba kulendewera m'mapewa, njinga n'kuigulitsa. Koma kulimba mtima kunawatengera miyezi isanu. Pomaliza anaitanitsa anthu: ankhazi, amalume awo awiri, alongo awo atatu, mkulu wa mpingo, ife kuno ine ndi Eness ndi msuweni wathu Yona amene anali nkhoswe. Linali Lamlungu masana, ku Chibavi, mipando ina yobwereka kwa aneba.

Anaimirira. Anatulutsa mabuku onse awiri n'kuwaika patebulo mogundizana, lakale kumanzere, latsopano kumanja. Ananena zonse, mwadongosolo, ndi madeti omwe: za magazi, za mzere wofiira, za ana atatu abodza, za mphini zimene mkazi wawo anatemedwa iwo akudziwa. Sanadumphe kanthu. "Vuto ndine. Eness alibe mlandu. Ndinamulakwira chomene." Ine amene ndinabwera nditakonzeka kulalata ndinapezeka ndikupukuta m'maso. Eness anali atagwira dzanja langa, ndipo ndinamva likumasuka.

Ankhazi anadzuka movutikira, akulira, n'kukagwira mwana wa mchimwene wawo kumaso ndi manja onse awiri.

"Mwamuona mwana uyu? Mwamuona mtima wake? Mpaka kukalembetsa mabuku kuchipatala, kudzipaka matope pamaso pa anthu, kuti abise manyazi a mkazi wake! Ife tinamuona ndi maso athu zaka ziwiri, mwamuna weniweni, akuwaza nkhuni panja apa. Wayamba kufota liti? Chichokereni mkaziyu. Ndi maganizo awa."

Amalume aja anagwedeza mitu. "Yewo, Macpherson, wachita zaumunthu," anatero wamkuluyo. Mabuku aja palibe anawatsegula.

"Ayi, ankhazi, werengani apa," anatero alamu, akuloza mzere wofiira.

"Khala pansi, dada, wavutika mokwana." Kenako anatembenukira kwa mng'ono wanga. "Mkamwana, amuna otere kulibe. Wina akanakuthamangitsa kalekale. Gwada umuthokoze."

Ndinadzuka ine, mpando mpaka kugwa, ndipo zimene ndinayankhula sindingazibwereze pano. Yona ankandikoka chitenje, alongo aja akukuwa kuti anthu a ku Dowa alibe mwambo, mkulu wa mpingo n'kuyambitsa nyimbo kuti phokoso lithe. Eness anayang'ana amuna ake nthawi yaitali, kenako anamanga bwino mpango wake.

"Achemwali, tiyeni. Mvula ikubwera, tinasiya nsalu za anthu pachingwe."

Tikutuluka pageti, nyimbo inali itafika ndime yachiwiri. Alamu anga anali chiimire pakati pa abale awo, buku lili m'manja, akubwereza kuti, "Ndine, ndine," ndipo ankhazi ankawasisita pamsana.