Mmene Anasiyitsira Bere Mwana wa Esinala

Esinala anabadwira kwa Chapananga, dziko la mbuzi ndi mapira, kumene madzi amachita kufukula mumchenga. Anali wamfupi, wosayankhulayankhula, ndipo sankadziwika ndi kuvina kapena kuimba. Anthu amamukumbukira ndi chakumwa chimodzi chimene ankapanga nthawi yotentha, ndi zimene chakumwacho chinamuchita.

Chaka chimene amuna ankabwerera kuchokera ku tengatenga, ntchito yonyamula katundu wa asilikali kunkhondo, kunafika Msena wina wa kwa Mbenje kudzagula mbuzi. Ndiye amene pambuyo pake anatchedwa Geresomo. Anaona Esinala akukama, napereka makasu, nsalu ndi mikanda kwa amalume ake. Kwa Amang'anja mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi, ndipo ana ndi a kuchikazi. Amalumewo analandira chumacho ndi manja awiri, koma sanamuuze mtsikanayo kuti kumene akupitako chuma chikapita, ana amakhala a bambo.

Kwa Mbenje Esinala anapezako mkazi wamkulu, Evelesi, amene anabereka anayi: awiri anaikidwa m'manda, awiri otsala anali aakazi. Patapita chaka Esinala anabereka mwana wamwamuna. Bambo wake, amene anali atayamba kuzungulirazungulira ku kachisi wa Akhristu, anamutcha Lazaro.

Kuseri kwa nyumba kunali mtengo wa mandimu. Evelesi ankangofinyira pa mlamba wowotcha, ena n'kumawolera pansi. Esinala anali ataphunzira kwa amayi ake kusakaniza malambe ndi mkaka wa mbuzi, ndipo za mandimuzo anawonjezera yekha. Ankakama mmamawa, n'kuwiritsa mkaka, n'kuukwirira m'kamtsuko mumchenga wonyowa pamthunzi mpaka uzizire ngati madzi apachitsime. Malambe ankaviika padera, kusefa nthangala, kuthira uchi pang'ono, n'kusakaniza ndi mkaka uja. Ndimu ankaligubuduza pamwala kuti lifewe, ndipo linkalowa lomaliza, dontho ndi dontho, uku akupukusa ndi kamtengo kamphanda. Sankafinya mpaka khungu, chifukwa kuwawa kumakhala m'khungu. Ukalakwitsa, n'kuthira ndimu mumkaka wofunda, umasanduka mibulumibulu, pamwamba madzi okhaokha. Koma cha Esinala chinkatuluka choyera, chosalala, chokhuthala ngati phala la mwana, chozizira mpaka kumsana.

Geresomo akachokera kuthonje dzuwa likuswa mtengo, ankamwa chikho chonse osapuma, n'kunena m'Chisena kuti, "Pyadidi," ndiko kuti zabwino. Kuyamika kwake kunkathera pomwepo, koma kwa Esinala kunali kokwanira.

Kenako mwamunayo analowa kalasi yokonzekera ubatizo. Mphunzitsi anamuuza kuti munthu wa mitala sabatizidwa. Asunge woyamba, wachiwiri amubwezere kwawo. Geresomo anaitana mlongo wake wamkulu, a Teresa, amene ankasamala nkhani za akazi pabanjapo, ndipo anakhala pansi onse anayi.

"Ndamva," anatero Esinala. "Ndipita. Mundipatse wondiperekeza, poti ndi mwana kumsana njira ija ndi yaitali."

Evelesi anaseka. "Mwana wake uti?"

"Wanga, akulu."

"Wako unabwera naye kuchokera kumbuzi kwanu kuja? Makasu aja amalume ako akulimira ankayesa mphatso?"

A Teresa anamuletsa ndi dzanja. "Mlamu, mwanayu ndi wa pano, zimenezo si zokambirana. Koma woyamwa salekanitsidwa ndi bere, mizimu ingatikwiyire. Ukhala mpaka asiye yekha. Tsiku limene adzakane bere, mawa lake unyamuka."

Geresomo ankangochotsa minga kuphazi.

Kuyambira tsiku limenelo moyo wa Esinala unali pa bere lake. Lazaro anakwanitsa zaka ziwiri akuyamwabe. Mano anali atamera, ankaluma mpaka magazi, mayi wake n'kungoluma mlomo osamuchotsa. Pachitsime akazi ankamufunsa, "Kodi mwamuna wako wamng'onoyu adzameta ndevu ali pabere?" Iye ankangosenza mtsuko. Evelesi anayesa phala la mapira, nthochi, msuzi wa nsomba; mwanayo ankalavula. Ubatizo umodzi unadutsa Geresomo ali pabenchi la kumbuyo, ndipo anasiyiratu kulowa m'nyumba ya Esinala. Chakumwa chija ankatumabe mwana wamkazi wa Evelesi kuti akatenge.

Chinthu chimodzi Esinala anachisamala: sanamulawitsepo Lazaro ngakhale dontho. Ankadziwa kukoma kwa chimene manja ake ankapanga.

Evelesi ndiye ankasunga nkhokwe. Anayamba kuchepetsa mapira opita kunyumba yaing'ono, pang'onopang'ono, mosaoneka. Aliyense amene anayamwitsapo akudziwa kuti mkaka umachokera m'mbale. Pofika mwezi wa Novembala, mvula isanagwe, pamene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, mawere a Esinala anali atafota. Nthawi yomweyo Lazaro anatentha thupi, m'kamwa munatuluka tizilonda. Ankagwira bere, kukoka kawiri, n'kulisiya akulira kopanda misozi. Madzi ankakana. Tsiku lachiwiri milomo inang'ambika, maso analowa.

Masana amenewo Esinala anafukula kamtsuko kamene anakonzera mwamuna wake. Anakhala nako pamiyendo nthawi yaitali. Kenako anapita kuseri, pansi pa mandimu, napukusa, natunga ndi chigoba cha nkhono, nadonthezera m'kamwa mwa mwanayo. Ndimu anathira lochepa kuti lisamulume m'zilonda. Lazaro anameza. Anatsegulanso kukamwa. Anamwa zigoba khumi ndi ziwiri, nagona.

"Wamwa bwino," anatero mawu kumbuyo kwake.

Anali Evelesi, lichero lili m'manja.

"Ndi mankhwala chabe, akulu. Akachira abwerera kubere."

"Abwerera, inde. Ukanene kwa abambo kuti lero amwe madzi, mwana wawo wawathera."

Lazaro anachiradi, nabwerera kubere. Koma sabata yomweyo Geresomo analamula kuti Esinala azipita kudimba la kudambo kukakumba mbatata, ulendo wa mmawa kubwera madzulo. Anati kumeneko kuli udzudzu, mwana wongochira kumene atsale. Tsiku loyamba pobwera Esinala anapeza Lazaro atasanza, mimba ili ndi mpweya. Pakhonde panali chikho, m'kati muli mibulu yotuwa yonunkha khungu la ndimu.

"Mwamupatsa chiyani?"

"Chako chomwe chija. Mkaka, ndimu. Kapena pali mankhwala ena amene umabisa?"

"Mwathira mumkaka wotentha. Mwafinya ndi khungu lomwe. Ichi ngakhale galu sangamwe."

"Wamwa. Ndinamutsina mphuno." Evelesi anapitiriza kupeta. "Mawa amwanso, ndi mkuja. Azolowera, mimba ya mwana imaphunzira. Ine sindidziwa zopukusapukusa, mng'ono wanga, ndine munthu wa nsomba."

Esinala anapirira masiku atatu. Ankakumba mbatata maganizo ali kumudzi, n'kumabwerera chothamanga. Tsiku lachitatu anapeza mwana akutsegula m'mimba, pamphuno pali chizindikiro cha zikhadabo. Anapita kwa Geresomo, nagwada.

"Bambo a Lazaro, mwana wanu akumupweteka."

"Ndiye muphunzitse mnzako kapangidwe kake. Chovuta n'chiyani?"

Mmawa mwake sanapite kudimba. Anaitana Evelesi pansi pa mandimu namuonetsa zonse: pokwirira kamtsuko, kuyesa kuzizira kwake ndi chala, kuchuluka kwa malambe, pamene dzanja liyenera kuleka kufinya. Anthu ena amati akanabisako chimodzi. Koma chimene akanabisa chikanathera m'mimba mwa mwana wake, ndipo iye ankadziwa zimenezo. Anamugwira Evelesi manja n'kumuphunzitsa kupukusa, mpaka chinatuluka chosalala ngati chake.

Evelesi analawa. "Takhuta," anatero, kuthokoza m'Chisena. "Uli ndi manja abwino. Kwanu akakondwera nawe."

Patapita masabata atatu a Teresa anabwera ndi akazi ena awiri. Anayala mphasa pabwalo, dzuwa lili paliwombo. Esinala anakhala mbali ina atamasula nsalu pachifuwa, Evelesi mbali ina ndi chikho chongofukulidwa mumchenga, chakuda ndi chinyezi. Lazaro anamuimika pakati. Anali atanenepa, masaya atabwerera.

"Bwera, bambo," anatero Esinala. "Bwera kwa amayi."

Mwanayo anabwera. Anatsamira pabondo la mayi wake, nagwira bere ndi dzanja, naliyang'ana. Evelesi sanaitane. Anangogogoda chikho ndi chigoba cha nkhono. Lazaro anatembenuka, nathamanga.

"Mwaona nonse," anatero a Teresa. "Palibe wamukakamiza."

Esinala ananyamuka mmawa mwake, ataperekezedwa ndi anthu opita ku Chiromo. Anamupatsa nsalu imodzi ndi mapira a panjira. Lazaro anali atamutengera kwa a Teresa kuti asaone. Tsiku lachiwiri la ulendo mawere aja, amene anali atafota nthawi yonseyo, anatupa n'kulimba ngati mwala, ndipo ankachita kupatuka kutchire kukafinyira pansi. Akazi amene anali nawo ankamudikira pamthunzi.

Geresomo anabatizidwa Khirisimasi ya chaka chomwecho.

Kwa Chapananga Esinala anakwatiwanso ndi mkulu wina woweta mbuzi, nabereka ana aakazi awiri. Anali mayi wosamala koma wouma mtima: ana ake ankawasiyitsa bere msanga, ndi tsabola, osayembekeza kuti asiye okha. Anthu akamudzudzula ankangopitiriza kusinja tsabola wake.

Kawiri konse anayesa kuti amuone Lazaro. Koyamba anatuma uthenga kwa Mbenje, ndipo anamuyankha kuti akadali wamng'ono, angasokonezeke. Kachiwiri, Lazaro ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, Esinala anayenda yekha masiku anayi. Anamulandira bwino, anamuyalira mphasa, anamupatsa madzi. Evelesi anaitana mnyamatayo kuchokera kubwalo.

"Lazaro, dzawapatse moni alendo. Achokera kutali, kumene abambo ako ankagula mbuzi."

Mnyamatayo anagwada patali, naomba m'manja mwaulemu monga anamuphunzitsira. Kenako anayang'ana Evelesi.

"Amayi, ndizipita?"

"Pita, mwana wanga."

Esinala anagona usiku umodzi, nabwerera. Sanapitekonso.