Ndinkawamalizira Mawu Amuna Anga

Inu owerenga, ine ndine mayi wa pakamwa, ndipo sindibisa. Mumsika wa Limbe momwe ndimagulitsa zitenje, kasitomala sadutsa pabenchi panga osatembenuka. Pakamwa pangapa pandidyetsa, paphunzitsa ana, koma panatsala pang'ono kuwasandutsa amuna anga mlendo m'nyumba mwawo momwe.

Amuna anga, bambo a Tadala, ali ndi chibwibwi chobadwa nacho. Ndi makanika, munthu wofatsa, wosamwa, woopa Mulungu. Liwu likawakakamira amatsinzina, mitsempha ya m'khosi n'kutuluka, phazi likugunda pansi. Tili pachibwenzi zinkandimvetsa chisoni, ndiye ndinayamba kuwathandiza. Akangoyamba liwu, ine ndamaliza kale. Alendo akabwera kwathu ku Chilobwe, woyankha ndine. Kuchipatala, wofotokoza pamene pakuwawawa ndine. Ngakhale pemphero la pachakudya, akangokakamira pang'ono, ine Amen ndaponya kale, ana manja ali m'mbale. Ndinkadzitama kuti ndine mkazi wodziwa kubisa manyazi a mwamuna wake.

Pang'ono ndi pang'ono bambowa anasiya kuyesa. Akaweruka ankangokhala pakhonde ndi wailesi. Mwana akawafunsa kanthu, ankagwedeza mutu kapena kuloza ine. Ine n'kumati pakhomo pathu pali mtendere.

Zinaululika pamene Tadala, mwana wathu woyamba, anapeza banja ndi mnyamata wa ku Nancholi. Pa msonkhano wa komiti ya ukwati panabwera funso lakuti ndani adzalankhule kuholo m'malo mwa makolo a mkazi. Ine osayang'ana n'komwe kumene anakhala amuna anga, ndinati adzalankhula achimwene anga, malume ake a mwana, ndipo bambo ake adzangoimirira kuti anthu awaone. Palibe anatsutsa. Eni akewo anangozolika, maso ali pansapato.

Anthu atabalalika, Tadala ananditsatira kukhitchini. Anati, "Amayi, ine ndikufuna adadi adzalankhule okha. Ndakula osawamva bwinobwino bambo anga, chifukwa inu simuwalola kuti amalize." Abale inu, magazi anandithamanga! Mwana wobereka ndekha andiuze zimenezo? Ndinamufunsa ngati akufuna kuti apongozi ake akatiseke holo yonse. Iye anangoti ngati bambo ake salankhula, ndiye kuchikazi kusadzalankhule wina aliyense.

Lamulungu lake ndinapita kutchalitchi mtima uli fuu, ndikufuna kukamunenera mwanayo kwa Mulungu. Ndili mkati mopemphera, ndikubwereza madandaulo omwe aja amene ndakhala ndikubwereza chibatizidwire, ganizo linandibaya. Ine ndimazungulira, ndimabwereza, nthawi zina ndimaiwala chomwe ndimanena, koma Mulungu sanayambe wandidula kuti afulumire kumva wina. Nanga ine ndine yani woti ndizilephera kudikira munthu mmodzi yekha amene ndinalumbira naye paguwa? Ndinatuluka m'tchalitchimo manyazi atandigwira.

Nditafika kunyumba ndinakhala pafupi nawo pakhonde n'kuwafunsa ngati akufuna kudzalankhula pa ukwatiwo. Yankho linatenga nthawi. Lilime langa linkayabwa, moti ndinaluma nsonga ya chitenje kuti ndisatsegule pakamwa. Mapeto ake anati ayesa.

Musaganize kuti ndinasintha tsiku lomwelo, ayi. Kuleza mtima n'kokoma kukumva paulaliki, koma kukuchita kumatulutsa thukuta. Akaweruka ankayeserera mawu awo, ine ndikumvetsera. Kangapo konse liwu linandipulumuka, iwo n'kungodzuka mwakachetechete kukakhala panja. Ndinkapita kukapepesa, tsiku lotsatira n'kuyambiranso. Kenaka ndinapeza nzeru yomasankha nyemba iwo akamalankhula, kuti manja akhale ndi chochita, pakamwa papume.

M'masiku amenewo ndi m'mene ndinawadziwa amuna anga. Kani munthuyu ndi wanthabwala! Kani tiyi wa shuga wambiri, amene ndakhala ndikuuza alendo kuti ndi amene amamukonda, iwo samufuna n'komwe, ankangomwa poopa kuti kukana kutenga nthawi. Ndinaseka, kenaka ndinalira.

Tsiku la ukwati, titachoka kutchalitchi, tinakadzaza holo ina m'tauni. Woyendetsa mwambo anali mnyamata wothamanga, maso ali pawotchi, akufuna kufika msanga pa perekaniperekani. Itakwana nthawi, anaitana bambo a mkwatibwi. Amuna anga anaimirira, suti ili gwa, n'kulandira maiki. Moni anapereka bwinobwino. Atafika pa dzina la mwana wawo, liwu linakakamira.

Anatsinzina. Phazi linayamba kugunda pansi. Holo inati zii, kenaka kumbuyo achinyamata ena anayamba kuseka chamunsimunsi. Woyendetsa mwambo uja anakodola woimba nyimbo, nyimbo inayamba kulira, iye n'kubwera akumwetulira, akuti mwina amayi atithandize. Anawalanda maiki n'kundilozetsa ine.

Inu owerenga, mawu onse aja ndinali nditawaloweza. Anali pamlomo penipeni, ndipo ndikanawalankhula bwino moti anthu akanawomba m'manja. Ndinayang'ana amuna anga, ndinaona mapewa awo akugwa, atayamba kale kufunafuna mpando. Ndinadziwa kuti akakhala pansi pamenepa, sadzayesanso mpaka kufa.

Ndinadzuka, ndinatenga maikiyo, ndinangouza woyendetsa mwamboyo kuti, "Achimwene, zimitsani nyimboyo. Bambo sanamalize." Ndinaibwezera m'manja mwa amuna anga n'kuima pambali pawo, manja ndapinda kumbuyo. Oseka aja ndinawaponyera diso limene ndimaponyera akuba mumsika, onse kuti chete. Ndipo tinadikira. Kaya inali nthawi yaitali bwanji sindikudziwa, koma thukuta linatsika msana wonse, ine mumtima ndikungoti Ambuye, nditsekeni pakamwa.

Dzina lija linatuluka. Pambuyo pake mawu ena anabwera, akukakamira apa ndi apo, koma holo yonse inali itaphunzira kudikira. Anathokoza apongozi, anadalitsa Tadala, kenaka anatembenukira kwa mkwati nati, "Akamwini, mwana wangayu ndamulera osamumenya. Nanunso musakamumenye. Akakulakwirani, bwerani mudzandiuze. Ine ndidzakumvetserani mpaka mutamaliza."

Nthungululu inayambira kuchimuna. Amayi a mkwati anavula chitenje n'kuyala pansi kuti amuna anga apondepo pobwerera kumpando. Tadala analira mpaka zodzoladzola zonse zinasungunuka. Ine ndinayenda pambuyo pawo mutu uli m'mwamba, ndipo ndikunena mosabisa, chibadwire sindinanyadirepo chomwe ndinalankhula monga ndinanyadira kukhala chete tsiku limenelo. Mpaka lero mumsika akandifunsa za ukwatiwo ndimati munawamva bambo a kunyumba kwanga?

Koma chilonda chilipo. Ana anga anakulira m'nyumba ya bambo anzeru chotere osawamva, ndipo zaka zimenezo sizidzabwerera. Wolakwa si chibwibwi, ndine ndi changu changa chimene ndinkachitcha chikondi.

Ndiye inu amene muli ndi munthu wochedwa pakhomo panu, kaya ndi mwamuna, kaya mwana, kaya kholo lokalamba lomwe limazungulira nkhani, ndakupemphani, mudikireni. Akuluakulu sananame kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuleza mtima kumene timapempha m'mapemphero sikuyesedwa kutchalitchi, kumayesedwa pakhonde panu pomwe, wina akamavutika kutulutsa liwu inu mukulidziwa kale. Lumani mlomo, msiyeni amalize yekha. Ine mwana wanga akanapanda kundidzudzula, tsiku lina ndikanawaika m'manda bambo a Tadala ndisanawamvepo.