Insulini wa Amayi ndi Chitenge cha Nkhanga

Amayi anali telala ku Maramba, pakhonde la sitolo ya nsalu. Ndikawakumbuka ndimaona masana a mwezi wa Epulo, mvula itangotha, utsi wa mathithi ukukwera chakumwera ngati wina akutentha tchire, makina awo akulira pang'onopang'ono mpaka tulo kundiba.

Chaka chomwe ndinayamba kuphunzitsa sayansi kusekondale, matenda awo a shuga anakula. Mapiritsi analephera, maso anayamba kuchita chifunga. Adokotala anawalembera insulini wobaya ndi nyeleti tsiku lililonse, koma kabotolo kanangokhala mufiriji osatsegulidwa. Ife kwathu timapemphera Loweruka ndipo nkhumba sitidya. Mayi wina wogulitsa tinsomba ta kapenta anali atawauza kuti mankhwalawo amachokera m'kapamba wa nkhumba.

"Ba mami, muzafa maso," ndinatero.

"Awe mwandi. Zaka zonse izi sininadyeko nkumba, manje niingenese na nyeleti? Ni bwino nisaone chabe."

Ine ndine wapsamtima. Miyezi itatu yathunthu ndinkawakalipira ndi Chizungu cha m'mabuku, iwo n'kumangopondaponda makina awo. Usiku ndi usana mantha anali nane.

Tsiku lina ndinatopa nako kukangana, ndinangokhala pambali pawo. Ankadula chitenge cha zithunzi za nkhanga. Amayi sankangodula paliponse. Ankayendetsa chala pansalu mpaka pomwe nkhanga yayambiranso, apo ndiye sizasi inkaluma. Ndinayang'ana chalacho nthawi yaitali, kenako mawu anabwera okha.

Ndinawauza kuti m'thupi mwathu muli ulusi wautali wotchedwa DNA, wolembedwa ndi zilembo zinayi zokha. Tizilombo ta bakiteriya tili ndi sizasi zawozawo, maenzaimu, amene sadula ulusiwo kufikira atapeza zilembo zondondozana momwe amazidziwira. Ena amadula mosiya mbali imodzi yaitali, kuti kachidutswa kena kodulidwa ndi sizasi yomweyo kalowane napo bwinobwino. Kale insulini ankamutengadi ku nkhumba ndi ng'ombe, sindinawabisire. Koma wa mufiriji uja, akatswiri anadula ulusi wa kachilombo, n'kuikapo kachidutswa ka malangizo a munthu, kachilomboko n'kuyamba kupanga insulini wa munthu.

Amayi anaika sizasi pansi.

"So ni chigamba cha muntu. Nanga osoka ni ndani?"

"Kuli enzaimu inangu, ba mami. Nchito yake ni kusoka chabe."

Anaseka chapansipansi. Kenako analoza nkhope kumene kunali utsi uja, ngakhale sindikudziwa ngati ankauona. Ndikuganiza kuti ankaona timatelala tosaoneka ndi maso, tili kalikiliki pakhonde lawolawo.

M'mawa mwake anatulutsa kabotolo, anandiuza kuti ndiwerenge kapepala kake mokweza, mzere ndi mzere. Ndinawerenga. Anatsina khungu la pamimba momwe ankatsinira mpendero, n'kubaya osaphethira n'komwe.

Diso lamanja linapulumuka. Lamanzere silinabwererenso. Diresi langa laukwati anasoka ndi iwo, mutu ataupendeketsa, ine ndili pambali kuwalowetsera ulusi pasingano. Sanandiimbepo mlandu pa za disolo. Koma mpaka lero, ndikamaphunzitsa za maenzaimu, ndimalowa m'kalasi ndi chitenge ndi sizasi, ndipo mtima umandiwawa ndikaganiza kuti sizasiyo inali patebulo pawo miyezi itatu yonse ija.