Dontho la pa Tsaya

"Diso si choseweretsa," azakhali ake anamuchenjeza. "Ukamasuzumira m'maso mwa odwala, tsiku lina ako adzatsatira. Khala pa bolodi lako, mwana iwe."

Bolodi ankanenalo linali thabwa lokhomedwa misomali, pomwe mtsikanayu ankakolekapo magalasi a dzuwa n'kumagulitsa pokwerera basi. Mayeso a sekondale anali atalephera, ndipo dzina lake lenileni anthu anali ataliiwala. Onse ankangoti Wamagalasi. Koma iye mtima wake unali pa udokotala wa maso.

Sanamve. Ana a masiku ano makutu ndi okongoletsera mutu basi. Analembanso mayeso, kulephera, kulembanso, mpaka anakhoza n'kulowa kuyunivesite.

Chinkamukoka chinali bambo ake, telala wa pakhonde pa sitolo, amene diso lawo lamanzere linazima pang'onopang'ono, osawawa n'komwe. Akuti madzi a m'diso amachuluka n'kumapanikiza mtsempha woonera mpaka kuupha. Mbala imeneyi siiswa chitseko. Inu akuluakulu muzikayezetsa, musamadikire ululu.

Patapita zaka, Wamagalasi analowa maphunziro a udokotala wa kafukufuku, aja oti sumabaya jakisoni koma umafufuza mankhwala atsopano. Mayi Pulofesa amene ankamuyang'anira anamupatsa ntchito yoyesa mankhwala odonthezera m'maso, otsitsa kupanikiza kuja. M'mawa ankapita kophera nkhumba ndi kabokosi ka ayezi kukatenga maso oyeserapo.

"Anzako akulera ana, iwe ukutola maso a nkhumba," ankatero azakhali. "Ukadzamaliza, odwala ako adzakhala a miyendo inayi?"

Mu labu mankhwala aja ankagwira bwinobwino. Chilolezo chinatuluka choti ayesedwe pa anthu, ndipo okalamba ambiri anavomera. Miyezi inadutsa. Atawayeza, kupanikiza kunali pomwe paja.

Mayi Pulofesa anamuitanira mu ofesi, natseka chitseko.

"Mumawafunsa ngati akudonthezera?"

"Ndimawafunsa, mayi. Onse amati ee. Timabotolo amabweza topanda kanthu."

"Ndiye kuti mankhwalawa amagwira pa nkhumba pokha. Chaka chino chikatha zili chonchi, kafukufuku titseka. Digiri sindingakulonjezeni."

Wamagalasi anatuluka. Pokwerera basi anapeza mnyamata wina atakhala pamalo ake akale, ndi bolodi lofanana. Anaima n'kumaliyang'ana nthawi yaitali. Kukwera mumtengo n'kosavuta, ana inu, chovuta n'kutsika anthu akukuonera.

Loweruka anapita kwawo. Anapeza bambo ake akulimbana ndi singano, ulusi ukungophonya. Diso lotsala nalonso linali litayamba kuchepa mphamvu, chonsecho mankhwala a kuchipatala ankalandira mwezi ndi mwezi.

"Ababa, mankhwala mukudonthezera?"

"Osaphonya tsiku. Nthawi yake ndi ino, taona."

Anatulutsa kabotolo m'thumba la malaya, n'kugadamitsa mutu. Poopa kudzibaya, anakagwirira patali, dzanja likunjenjemera. Anafinya. Chikope chinaphethira, dontho linagwera pa tsaya n'kutsetsereka mpaka m'ndevu. Iwo atamva kunyowa anapukuta ndi kansalu, namwetulira.

"Alowa," anatero.

Wamagalasi anangoti kukamwa yasa. Munthu amene sakuona bwino, angalunjike bwanji dontho m'diso lake lomwe? Okalamba aja sankanama ayi. Ankadonthezeradi. Kungoti mankhwala onse ankamwedwa ndi masaya. Iye mu labu ankadonthezera diso la nkhumba lili phee m'kambale, losaphethira, losachita mantha.

"Ababa, tachitaninso ndione."

"Iwe, mankhwala si madzi a pampopi."

"Kamodzi kokha."

Dontho lachiwiri linagwera pa mphuno.

Wamagalasi analowa m'nyumba, nakoka pansi pa bedi katoni ya magalasi otsala pa malonda aja. Anatenthetsa msomali n'kuboola galasi limodzi pakatikati, pomwe pamayang'ana mwana wa diso. Izi musakayesere, msomali wamoto sudziwa wophunzira. Anasalaza bowolo bwinobwino, n'kuwaveka bambo ake. Kamlomo ka botolo kanakhala pabowopo ngati kanapangidwira pomwepo, osafika pa diso.

"Gadamani. Yang'anani kabowoko. Finyani."

Bambo anadzidzimuka. "Aa! Akuzizira! Akuluma!"

"Ndiye kuti lero alowa."

"Zaka zonsezi ndimadyetsa ndevu?" anatero bambo, n'kuseka mpaka kutsokomola. "N'chifukwa chake zikumera msanga."

Lolemba Wamagalasi anakaika magalasi oboola aja patebulo pa Mayi Pulofesa. Mayiwo anawatembenuza uku ndi uku.

"Izi si umboni," anatero. "Koma ndi funso labwino. Kapempheninso chilolezo, mupangitse magalasi aukhondo, ndipo muyesenso. Wodwala aliyense azidonthezera inu mukuona."

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anayambiranso, anzake amene anayamba nawo limodzi akuvala mikanjo n'kumapita. Analeka kufunsa kuti mukudonthezera kodi. Ankangoti, "Agogo, tandionetsani mmene mumachitira." Atayezanso, kupanikiza kunali kutatsika mwa ambiri. Digiri anaitenga mochedwa, koma anaitenga. Diso lamanzere la bambo ake silinabwerere, chifukwa mtsempha ukafa wafa. Koma lamanja linaima pomwepo, ndipo mkanjo wa mwana wawo anaupinda okha m'munsi, ulusi atalowetsa okha.

Lero Wamagalasi ndiye amaphunzitsa ofuna udokotala wa kafukufuku wa maso. Tsiku loyamba sawalola kukhudza makina aliwonse. Aliyense amamupatsa kabotolo ka madzi a maso, amazimitsa magetsi, n'kunena kuti, "Dzidonthezereni." Akayatsa, ophunzira anzeru onse aja masaya ali chonyowa, akusekana.

"Mwaona?" amatero. "Mankhwala amene sanalowe m'diso la munthu ndiye kuti sanatuluke mu labu."

Nanga chenjezo lija? Mawu a akulu sagwa pansi. Chifukwa chosuzumira m'makina zaka zonsezo, maso ake anatopadi, ndipo pano amavala magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Azakhali ake akamuona amagwedeza mutu.

"Ndinanena ine. Maso ako atsatira."

"Munanenadi, azakhali. Tagadamani."

Ndipo azakhali amagadama, atavala magalasi awo oboola, poti nthenda ija inawapeza nawonso, ndipo amene anaitulukira msanga ndi mwana wosamva yemweyo.

Ndiye inu amene mwalephera mayeso, inu amene ntchito ya zaka yakukanikani m'manja, mverani machenjezo, chifukwa dziko ili ndi loterera. Koma musafulumire kunena kuti mankhwala anu ndi achabe. Mwina dontho likungogwera pa tsaya. Khalani pansi, yang'anitsitsani, mudonthezenso. Mtima wokha musautaye.