Zitenje za Anambewe pa Sinowo

Fungo la dizilo ndi la chingwe chonyowa likandilowa m'mphuno, ndimawaona agogo Nkhoma ataima panja pa nyumba yawo ku Wigston, atavala chijasi chofika m'mawondo, akumenya tayala la kangolo kawo ndi chidendene ngati lawalakwira. Sanali agogo anga enieni. Chimene chinkatilekanitsa ndi khoma, lopyapyala moti akatsokomola m'mawa ife tinkadziwa kuti adzuka. Koma mayi anandiuza kuti munthu wa imvi sangotchulidwa dzina, ndiye anakhala agogo mpaka mapeto.

Ku Malawi anali dalaivala wa malole, ndipo atafika ku England chiwongolero anachikakamira. Anali ndi chigalimoto chachitali chakalekale, chija chokoka ndi matayala onse, ndi kangolo kokoloweka kumbuyo kamene aliyense ankangoti thirela ya a Nkhoma. Kanasamutsa mabanja, kananyamula mipando ya tchalitchi, mafiriji otha ntchito ndi matumba a ufa. Koma agogo anali ndi kachizolowezi kamene anabwera nako kuchokera ku malole. Akafika pamtsetse ankachotsa giya n'kuisiya galimoto izitsika yokha, injini ikungong'ung'udza pansipansi. "Phiri limapereka mafuta aulere," ankatero akundiyang'ana pagalasi. Akazi awo, Anambewe, ankangopukusa mutu. "Kuumira kwanuku mudzatiphetsa nako."

Anambewe anamwalira ndili ndi zaka pafupifupi khumi ndi ziwiri. Anthu anasonkha, thupi linapita kwawo ku Ntcheu, koma agogo anatsala, chifukwa mapepala awo anali asanalongosoke ndipo akanatuluka sakanaloledwa kubwerera. Kenako akuchikazi anatumiza mawu akuti sangawasudzule, kutanthauza kuwamasula kuti maliro atha, mpaka zovala za malemu zitafika n'kugawidwa pa tsiku limene achibale anakonza kudzakumana. Agogo sankafuna kukwatiranso ayi. Chinkawapweteka n'chakuti kumudziko kunali manong'onong'o akuti adya katundu wa mkazi wawo ku Ulaya. Ndevu anazisiya, kuphwando lililonse sankapita, ndipo kutsokomola kwa m'mawa kuja kunayamba kumveka ngati kwa munthu wina.

Mayi ndi azimayi a kutchalitchi ndi amene analongedza zovalazo m'madiramu abuluu. Agogo anakhala kukhitchini tsiku lonse atatseka chitseko, poti mwambo wa kwawo kwa Anambewe sulola mwamuna kugwira zovala za mkazi wake zisanagawidwe. Kontena yopita kumudzi inali ku Corby, ndipo m'mawa wa tsiku loitseka tinadzuka dziko lonse litayera. Sinowo, chipale chofewa chija, anagwa wambiri moti sukulu zinatsekedwa, msewu wathu unali zii, ngakhale basi sinkamveka.

"Agogo, tidikire kaye," anatero mayi ataima pakhomo. "Pa wailesi akuti anthu asayende."

"Make Yankho, ndinabuka malo m'kontenamo kalekale. Yotsatira ikafika anthu atabalalika. Ine ndinawoloka matope a ku Nsanje ndi lole yodzaza thonje, ndiye ndiope timadzi toumatu?"

Mayi anaona kuti apita basi, kaya okha kaya ndi ife. Anandiveka chipewa n'kundikankhira kumpando wa kumbuyo.

Msewu waukulu unali utadzaza magalimoto osayenda, choncho titapitirira Market Harborough agogo anakhotera m'tinjira ta m'minda. Pokwera zitunda chigalimoto chija chinkangodya mtunda, thirela ikutsatira mwaulemu, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire Anambewe ndinawamva agogo akuimba mluzu. Ndinasangalala. Ndinawafunsa m'Chingelezi ngati sakuopa, iwo n'kundiyankha m'Chichewa monga mwa masiku onse kuti galimoto yawo ndi njovu.

Tinafika pamwamba pa chitunda china chachitali, chigwa chonse chili mbee pansi pathu. Ndinaliona dzanja lawo likupita lokha, monga linkachitira zaka zonse, n'kuchotsa giya. Injini inatsitsa mawu.

"Giya, agogo! Bwezerani giya!" anakuwa mayi.

Anaponda buleki. Koma kangolo kaja kanalibe mabuleki akeake, ndipo madiramu odzaza ankatikankha kumbuyo popanda injini yoti iwaletse. Kumbuyo kwa galimoto kunayamba kupita kwake. Sizinachitike mwaliwiro monga anthu amaganizira, tinkangotsetsereka chammbali mwakachetechete, mpaka ndinaiona thirela pawindo langa ikuyenda pambali pathu ngati ikufuna kutipitirira. Kenako kunamveka chiphokoso. Galimoto inakaima itazika mphuno mumpanda wa zitsamba, thirela inagudubuka m'ngalande, chingwe chinaduka, ndipo madiramu anagubuduka kutsika phiri zivindikiro zitathawa.

Mayi anabinya dzanja moti sankatha kulitambasula. Ine ndinatuluka ndilibe bala. Nditayang'ana kumunsi ndinaona zitenje za Anambewe zili mbwee pa sinowo, zofiira, zachikasu, zobiriwira, madiresi, mipango, bulauzi yoyera ya amayi a Mvano imene inkangooneka mabatani okha. Mphepo inali itayamba kale kuzitenga kupita nazo kumunda wa nkhosa. Ndinathamanga kukatola, koma manja a mwana ndi ochepa, ndikagwira ichi icho chauluka.

Agogo anaima m'mphepete mwa msewu manja atawapanira m'khwapa, kuopa kugwira. Chitenje china chinauluka n'kudzakulunga mwendo wawo. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Tolani, agogo," anatero mayi motsitsa. "Palibe akuona."

"Ine ndikuona," anayankha choncho. Kenako anawerama n'kuchinyamula, ndipo m'malo mochiponya m'diramu anachiika kumaso. Ndinawamva akuti, "Anambewe, pepani. Munkanena." Ndinali ndisanaonepo munthu wamkulu akulira chotero, ndipo ndinachita mantha kuposa pamene galimoto inkaterera.

Anatola nafe mpaka zala zinafa. Mlimi wina wa pafupi anabwera ndi thirakitala n'kutikoka, osafunsa zambiri, ndipo anakatitoleranso nsapato imodzi imene inagwera kutsidya kwa mpanda. Tinafika ku Corby dzuwa litapendeka, thirela ikuyenda chopunduka. Mlonda wa pageti anatiuza kuti kontena aitseka kale ndipo yanyamuka. Agogo sanachonderere. Anangothokoza mwaulemu n'kukhota.

Zovala zonse zinali zitanyowa, ndiye zinayenera kuyanikidwa. Kwa masabata angapo nyumba ya agogo inali zitenje zokhazokha, pa mahita, pa zitseko, pa masitepe, ndipo fungo la mafuta amene Anambewe ankadzola linadzazanso m'nyumbamo mpaka linkafika kwathu. Mayi atachira anadzipereka kukalongedzanso. Agogo anati zisiyeni kaye ziume bwino, ngakhale zinali zitauma kalekale. Ku Ntcheu achibale anakumana, madiramu osaoneka, ndipo anatsimikiza zimene ankaganiza zija. Agogo anayesa kufotokoza pa foni, koma kumuuza munthu amene sanauonepo sinowo kuti katundu anaterera paphiri kuli ngati kumuseka. Makontena ena ananyamuka pambuyo pake, iwo osabukanso. Mwina anataya mtima, mwina atazigwira kamodzi kaja sanathenso kuzisiya. Sindinawafunse. Sanasudzulidwe, ndevu zija zinayera zili pomwepo, ndipo thirela inakhala kuseri kwa nyumba itafunditsidwa tenti mpaka matayala anaphwa.

Anamwalira ine nditakula, ndikuyendetsa kale galimoto yanga. Analibe mwana kuno, choncho zovala zawo tinalongedza ndi mayi, m'madiramu abuluu omwe aja, pamwamba pa zitenje za Anambewe. Ndinagula matayala atsopano, ndinakoloweka kangolo kaja, n'kudzera dala njira ya m'minda yomwe ija. Inali nthawi yotentha, msewu uli gwa. Komabe nditafika pamwamba pa chitunda chija ndinaika giya yotsika, injini n'kuyamba kulira ngati ikudandaula, ndipo mpaka lero ndi mmene ndimatsikira phiri lililonse, anzanga akundiseka. Ndinawatsitsa pang'onopang'ono awiriwo, agogo ndi Anambewe, mpaka kuchigwa, ndipo ku Corby ndinapeza geti ili yotsegula.